Ballistics ndi chani kwenikweni? Tiyambire pa legeni

Tsiku lina madzulo pa Kamuzu Road pano pa Salima, pamene anyamata a kabaza amadikirira makasitomala, panabuka mkangano wa liwu limodzi basi. Wina anali ataona pa foni kuti dziko la Iran laponya ma ballistic missile ku Israel, mnzake nkuti iyayi amwene liwu limenelo ndi la apolisi, ine ndinalimva pa mlandu wa goloboyi wa ku South Africa Senzo Meyiwa uja akuti ballistic report, nde mizinga ndi apolisi zikukumana pati? Wachitatu anangodula kuti ballistic ndi mtundu wa mfuti, nkhani yatha. Ine ndinali ndikudikira galimoto ya ku Senga Bay ndipo ndinangoseka chamumtima, chifukwa awiri oyambawo onse amanena zoona, wachitatuyo ndi amene anaphonya, koma ndi yemwenso amakuwa kuposa onse.

Liwuli si la Chingerezi chenicheni ayi, anachita kubwereka. Linachokera ku Chigiriki, ballein, kutanthauza kuponya. Agiriki ndi Aroma akale anali ndi chimakina chamitengo ndi zingwe zopota chomwe chinkaponya miyala ndi mivi ikuluikulu pa malinga a adani, dzina lake ballista. Nde ballistics ndi maphunziro a mmene chinthu choponyedwa chimayendera, kuyambira pomwe chikukankhidwa, ulendo wake mmalere, mpaka pomwe chakagwera ndi zomwe chachita pamenepo. Mwala, muvi, mkondo, mpira wa netball, chipolopolo, mzinga, zonsezi ndi banja limodzi. Mfuti inabwera mochedwa, inapeza nkhaniyi ilipo kale.

Amene munakula mukusaka mpheta ndi njiwa mukudziwa kale theka la phunziroli, kungoti palibe anakuuzani dzina lake. Mbalame ikakhala pafupi umaloza pa iyo pomwepo. Ikakhala patali pamwamba pa mtengo wa mango umakweza mphanda pang'ono, kuloza pamwamba pake, chifukwa ukudziwa kuti mwala ukamapita umatsika. Mwera ukamawomba umapatukako pang'ono kumbali komwe mphepo ikuchokera. Ndipo sutola mwala uliwonse, umasankha wobulungira wa kumtsinje chifukwa waphanthiphanthi umakhota ndi kulira fyuu osapita komwe ukufuna. Mphira wolimba, mwala wabwino, kukweza dzanja, mphepo. Msilikali amene akuphunzira kuombera ku sukulu ya asilikali ya MAFCO kuno akulimbana ndi zinthu zomwezi, kusiyana kwake nkwakuti iye ali ndi manambala ndipo akalakwitsa sikuti yathawa ndi njiwa yokha.

Mfundo yaikulu ndi iyi ndipo muigwire chifukwa ibweranso pa mizinga: chinthu chikangochoka m'manja mwa woponya, palibenso chochikankha. Chatsala ndi liwiro lomwe chapatsidwa, mphamvu ya dziko yokokera zinthu pansi, ndi mpweya womwe chikudutsamo. Basi.

Anthu akale ankaganiza kuti mpira wa mzinga, mfuti zikuluzikulu zakale zija, umapita molunjika mpaka mphamvu ithe kenako nkugwa thii ngati papaya. Mu 1537 katswiri wa masamu wa ku Italy, Niccolò Tartaglia, analemba kuti ukafuna kuti mzinga uponye patali kwambiri uukweze madigiri 45, ndiye kuti pakati penipeni pa kuloza kutsogolo ndi kuloza kumwamba. Kenako Galileo mu 1638 anaonetsa kuti njira ya chinthu choponyedwa imakhota ngati uta kuyambira pachiyambi pomwe, a masamu amati parabola, chifukwa chinthucho chimachita zinthu ziwiri nthawi imodzi, kupita kutsogolo komanso kugwa. Apa pali chinthu chomwe anthu amakana mpaka kutsala pang'ono kumenyana: mutaombera mfuti molunjika kutsogolo pabwalo lathyathyathya, nthawi yomweyo mnzanu nkusiya chipolopolo china chigwe kuchoka m'dzanja pamsinkhu womwewo, ziwirizo zifika pansi pafupifupi nthawi imodzi. Chinacho chingokagwera kutali. Dziko silisankha, chilichonse chosiyidwa chimagwa pafupifupi mamita 5 mu sekondi yoyamba, kaya chikuthamanga kaya changoima.

Koma masamu a Galileo amagwira bwino komwe kulibe mpweya, ndipo ife tikukhala mu mpweya. Mngerezi wina Benjamin Robins mu 1742 anapanga chida choyezera liwiro la chipolopolo, chinthu cholemera cholendewera chomwe amachiombera nkuona kuti chagwedezeka bwanji, ndipo anapeza kuti mpweya umabweza chipolopolo mwamphamvu kuposa mmene anthu ankaganizira. Tulutsani dzanja pawindo la minibasi ikamathamanga pa M14 popita ku Lilongwe mumve mmene mphepo ikulikankhira, nde muganizire chinthu chothamanga kuposa pamenepo maulendo 20 ndi kupitirira. Nchifukwa chake zipolopolo za masiku ano nzosongoka, ndipo madigiri 45 aja pa mfuti sagwira ndendende, pamafunika kutsitsako.

Akatswiri amagawa nkhaniyi patatu: zochitika mkati mwa mfuti, zochitika panjira, ndi zochitika pomwe chipolopolo chamenya.

Mkati mwa mfuti ndi momwe muli zokoma. Chomwe ambiri timangoti chipolopolo ndi zinthu zinayi zophatikiza: khoko lachitsulo, onga womwe uli mkati mwake, kadontho ka mankhwala oyatsira kumatako kwake, ndi mutu womwe umauluka. Ukakoka chala, kamsomali kamamenya kumatako kuja, moto nkuyatsa onga, onga nkupsa mwachangu kwambiri nkusanduka mpweya wotentha wofuna potulukira, ndipo khomo lilipo limodzi lokha, kutsogolo kwa mpope. Mutu uja umakankhidwa nkutuluka, khoko limatsala kapena kulavulidwa pambali. Kubwerera kwa mfuti paphewa ndi mphamvu yomweyo ikukankha mbali inayo.

Nde mkati mwa mpope wa mfuti zamakono simosalala ayi. Anajobamo timizere tozungulira ngati chingwe chopota, ndipo chipolopolo chikamadutsa chimalumidwa ndi timizereto nkuyamba kuzungulira. Amene munasewerapo nguli mukudziwa kuti ikamazungulira imaima nji, ikasiya imagwa. Chipolopolo chozungulira chimapita mutu kutsogolo osagudubuzika. Gogodela ilibe zimenezi. Mfuti zija zinkabwera ndi amalonda a minyanga ndi akapolo nthawi ya Jumbe ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1800 zinali zothira onga chakukamwa, kutsendera ndi kamtengo, kuikamo mpira wa mtovu, mpope wake wosalala ngati paipi ya madzi, ndipo zinkaphonya kwambiri chinthu chikakhala patali. Ma gogodela osula kumudzi omwe opha nyama mozemba amagwidwa nawo ndi mtundu womwewo, ena amathiramo tizidutswa ta zitsulo, ndipo poti palibe anayeza kuti paipiyo ingapirire mphamvu yochuluka bwanji, pena imaphulikira mwini wake kumaso.

Panjira nkhani ndi liwiro. Chipolopolo cha AK-47 chimatuluka pa liwiro la mamita pafupifupi 715 pa sekondi, pomwe phokoso limayenda mamita 343 okha pa sekondi. Ndiye kuti chimafika kaye, kulira kwa mfuti nkumabwera pambuyo, ngati mmene umaonera munthu akudula nkhuni tsidya la dambo, nkhwangwa yatsika kale koma "kho" akubwera mochedwa. Ndipo ma filimu amatinamiza, amaonetsa ngati chipolopolo chimapita mowongoka ngati kuwala kwa tochi. Sichoncho. Chikangotuluka chayamba kale kugwa, nchifukwa chake pa mfuti za asilikali pali kachitsulo koyang'anirapo kokhala ndi manambala, ukasuntha kufika pa mtunda wautali kamakukakamiza kukweza mpope pang'ono. Kukweza mphanda ya legeni kuja.

Pali zinthu ziwiri apa zomwe ndimafuna anthu akunyanja kuno azidziwe. Choyamba, kuombera mmwamba pobalalitsa anthu kapena posangalala sikutanthauza kuti chipolopolocho chasowa. Chimabwera, ndipo makamaka chikaomberedwa chopendeka chimatha kuyenda kupitirira makilomita 2 nkukatsika chidakali ndi mphamvu yopha munthu amene sanamve nkomwe za chipwirikiticho, ali pakhonde pake akusenda mtedza. Chachiwiri ndi madzi. Paja tili ana tinkaponya timiyala taphanthi pamwamba pa nyanja kuti tidumphe katatu kanayi? Chipolopolo nacho chikamenya madzi chopendeka chimanjanja nkupita kwina komwe woomberayo sanalozeko, mwina komwe kuli bwato la asodzi. Koma chikalowa m'madzimo chimafooka msanga, mamita ochepa okha mphamvu yatha, chifukwa madzi ngolemera pafupifupi maulendo 800 kuposa mpweya. Mfundo imeneyi ndi yomwe apolisi amadyera, ndifikapo.

Pomwe chamenya sindikhalitsapo, nzosautsa. Mungodziwa kuti mutu wa chipolopolo cha AK umalemera magalamu pafupifupi 8, ngati timasupuni tiwiri ta shuga, ndiye si kulemera komwe kumaononga koma liwiro. Liwiro likawonjezeka kawiri mphamvu imawonjezeka kanayi. Mbali imeneyi ndi yomwe amaphunzira madokotala oona mabala komanso opanga zovala zotchinga zipolopolo zija amati ballistic vest, zambiri zopangidwa ndi ulusi wa Kevlar womwe mayi wina wa sayansi ku America, Stephanie Kwolek, anatulukira mu 1965. Ulusiwo umagwira chipolopolo ngati mmene ukonde wa pagolo umagwirira mpira, koma wofewawo umatchinga za pisitolo, za mfuti zazikulu pamafunika kuikamo mbale zolimba. Za mankhwala oti chipolopolo chisanduke madzi ndingoti anthu a ku Tanganyika anayesa pa nkhondo ya Maji Maji kuyambira 1905 polimbana ndi Majeremani, ndipo anafa ambirimbiri.

Tsopano tibwere kwa apolisi, komwe liwuli timalimva kwambiri komanso komwe timalimva molakwika.

Timizere ta mu mpope tija timasiya zipsera pa chipolopolo chilichonse chodutsamo. Zina mwa zipserazo zimangouza mtundu wa mfuti, monga kuchuluka kwa mizere, kukula kwake, komanso ngati ikupotokera kumanja kapena kumanzere. Koma palinso tizikanda ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso tomwe timabwera chifukwa cha zida zomwe anasulira mpopewo ndi kutha kwake pogwira ntchito, ndipo timeneti ndi tomwe katswiri amafuna. Khoko nalo limanyamula zidindo zake, pomwe kamsomali kanamenya, pomwe linakankhidwira kumbuyo, pomwe kanalikoka kachitsulo kolitulutsa. Nde apolisi akagwira mfuti yomwe akuikayikira, katswiri amaiombera m'thanki ya madzi kuti chipolopolo chiime osaphwanyika, nkuchitola, nkuchiika pa maikulosikopu ya maso awiri pambali pa chija chinapezeka pamalo a ngozi kapena m'thupi la malemu, nkumazitembenuza pang'onopang'ono kuona ngati tizikandato tikulumikizana. Njirayi anaitchukitsa ndi Calvin Goddard wa ku America m'ma 1920, ndipo inamveka kwambiri mu 1929 pomwe anthu 7 anaphedwa ndi zigawenga ku Chicago, iye nkuonetsa mfuti zomwe zinagwira ntchitoyo. Masiku ano kuli makompyuta osunga zithunzi za zipserazi moti khoko lotoledwa lero likhoza kulumikizidwa ndi umbanda wina wa zaka zapitazo.

Amene munkatsatira mlandu wa mu 2014 wa Oscar Pistorius, wothamanga wa ku South Africa uja anaombera chibwenzi chake Reeva Steenkamp, mukukumbukira wapolisi uja Chris Mangena akufotokoza za mabowo anayi pa chitseko cha toileti, kutalika kwake kuchoka pansi, komwe chipolopolo chilichonse chinalowera, mpaka kunena mmene Reeva Steenkamp analili kuseri kwa chitsekocho pomwe choyamba chimamupeza. Imeneyonso ndi ballistics, kuwerenga njira ya chipolopolo chobwerera mmbuyo kuchokera pa bowo. Ndi Mangena yemweyo amene anadzaperekanso umboni pa mlandu wa Senzo Meyiwa, goloboyi uja anaomberedwa m'nyumba ina ku Vosloorus mu October 2014, kunena kuti chipolopolo chomwe chinapezeka m'nyumbamo chinatuluka mu mfuti yomwe inapezeka ndi mmodzi mwa oimbidwa mlandu, maloya a mbali inayo nkumatsutsa.

Apa nde pomwe ndimasiyana ndi anthu ambiri pa Facebook. Kukangochitika zoomberana mumaona ndemanga zoti "apange ballistic tidziwe anapha ndani". Ayi abale. Lipoti limenelo likayenda bwino kwambiri limanena kuti chipolopolo ichi chinatuluka mu mfuti iyi. Silinena chala chomwe chinakoka. Mfuti imabwerekedwa, imabedwa, imachita hayala, imadutsa m'manja mwa anthu asanu chaka chisanathe. Kuti mufike pa munthu pamafunika umboni wina, mboni, zidindo za zala, utsi wa onga wotsalira m'manja kapena pa zovala, mabuku osainira mfuti ngati ndi ya boma. Ndipo nthawi zambiri lipotilo limabwera ndi yankho loti sizikudziwika, chifukwa chipolopolo chinamenya khoma kapena fupa nkuphwanyika, kapena mfutiyo sinapezeke nkomwe ndiye palibe chofananitsa nacho. Gogodela ndi shotigani nde zovutiratu, mpope wosalala susiya mizere ija pa zomwe walavula. Ngakhale ku America komwe njirayi inakulira, bungwe lawo la akatswiri a sayansi la National Academy of Sciences linadandaula mu 2009 kuti kufananitsaku kumadalira kwambiri diso ndi chiweruzo cha katswiri mwini wake. Sikuti nzabodza ayi, koma si DNA.

Chinanso chomwe chimapha umboniwu ndi ife tomwe. Mfuti ikalira pamalo, apolisi asanafike anthu tadzaza kale, wina watola khoko waika mthumba kuti akaonetse anzake, ana akusewera nalo, wina walipondaponda mumchenga. Pomwe khoko lagwera pamathandiza kudziwa pomwe woombera anaima, nde likasunthidwa katswiri ayambira pati?

Nanga mizinga ija ya mnyamata woyamba? Kumbukirani mfundo ija ndinati muigwire. Ballistic missile ndi mzinga womwe injini yake ya roketi imayaka mphindi zochepa zoyambirira zokha, kuukankhira mmwamba kwambiri, ina mpaka kutuluka kunja kwa mpweya wa dziko, kenako injini imazima ndipo ulendo wotsalawo umangoyenda ngati mwala wa pa legeni, kukwera, kukhota, kutsika. Dzinalo likuchokera pamenepo, silikutanthauza kuti ndi woopsa kapena ndi wa nyukiliya, likungonena kayendedwe kake. Mnzake ndi cruise missile, yemwe amauluka chapansipansi ngati kandege injini ili chiyakire mpaka kufika. Woyamba kugwiritsidwa ntchito pa nkhondo unali V-2 wa Germany mu 1944, womwe unkagwa ku London anthu osaumva kubwera chifukwa unkathamanga kuposa phokoso. Ikuluikulu ija amati ICBM ndi yomwe imapitirira makilomita 5,500, ndipo imatha kuchoka kontinenti ina kufika ina pa mphindi pafupifupi 30, nthawi yomwe minibasi yochoka pa Salima isanafike nkomwe theka la njira ya ku Lilongwe. Pa wailesi amangoti mizinga basi, nde kusiyana konseku kumatayika.

Kanthu kena kodabwitsa: masamu owerengera komwe mpira wa mzinga ukagwere anali otopetsa kwambiri moti asilikali a America pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse analemba ntchito azimayi ambiri kuti azingowerengera pamanja, ndipo pofuna kufulumizitsa ntchito yomweyo ndi pomwe anapangitsa ENIAC, imodzi mwa makompyuta oyambirira, yomwe anaionetsa poyera mu 1946 ku University of Pennsylvania, chimakina chodzaza chipinda chonse. Nde foni yomwe mnyamata wa kabaza uja amaonerapo nkhani ya mizinga, agogo ake anabadwira pa nkhani yomweyo.

Pa kagwiritsidwe ka liwu lenilenilo, lokhala ndi s kumapeto, ballistics, ndi dzina la phunzirolo kapena nthambi ya apolisi yoona zimenezi. Lopanda s, ballistic, silimaima lokha, limafotokoza chinthu china, ballistic missile, ballistic vest, ballistic report. Ndiye kunena kuti "anamuombera ndi ballistic" nkulakwitsa, kulibe mfuti ya dzina limenelo. Palinso kanenedwe ka Azungu koti munthu "went ballistic", komwe sikukhudza mfuti olo pang'ono, akutanthauza kuti munthuyo anapsa mtima zedi, ife timati analusa ngati njati kapena anayaka moto. Mukamva mwana wanu wa ku sekondale akunena kuti aphunzitsi anapita ballistic musathamangire ku polisi, ndiye kuti wina sanalembe homuweki.

Pa Chichewa tilibe liwu limodzi lomasulira zonsezi ndipo ine sindikuona vuto. Pa nkhani ya apolisi tikhoza kunena kuti kupima mfuti ndi zipolopolo, pa nkhani ya sukulu nkuti sayansi ya kayendedwe ka zinthu zoponyedwa, ndipo aliyense amva. Galimoto ya ku Senga Bay itadzaza ndinawasiya anyamata aja mkangano utasintha, tsopano amalimbana zoti kaya mzinga wochoka ku Iran ungafike pa Salima, wachitatu uja akulumbira kuti ungagwere m'nyanja chifukwa cha mwera.